Wodwala COVID-19 akamva kupweteka pachifuwa, ganiziraninso za mtima

Munthu wodwala COVID-19 akayamba kudandaula pachifuwa, a m'nyumba amangoti ndi mapapo. Amamuwiritsira ndimu ndi jinja, n'kumufunditsa bulangete kuti afukize masamba a bulugamu. Koma mwa odwala ena vuto limakhala litafika pamtima, ndipo pamenepo kufukiza kumangotayitsa nthawi.

Madokotala a ku Wuhan, m'dziko la China, anaziona msanga zimenezi. Mwa odwala 416 amene anagonekedwa pachipatala china mumzindawo kumayambiriro kwa 2020, odwala 82 anapezeka kuti mtima wawo wavulala. Mwa 82 amenewo, oposa theka anamwalira, pomwe mwa amene mtima wawo unali bwino, omwalira sanafike 5 pa 100 alionse.

Mtima umavulala bwanji? Mapapo akagwidwa, mpweya wa okosijeni umachepa m'magazi, ndiye mtima umagunda mothamanga pomwe nawonso ukuperewera mpweya. Nthawi zina mnofu wa mtima umatupa pamene thupi likulimbana ndi kachilomboka. Choopsa kwambiri n'chakuti magazi a wodwala COVID-19 sachedwa kuundana. Magazi oundanawo akatseka mtsempha wodyetsa mtima, mbali ina ya mnofu imayamba kufa, ndipo mnofu wa mtima ukafa sumeranso. Izi ndi zimene achipatala amati heart attack.

Ululu wake umasiyana ndi wa chifuwa wamba. Wodwala amamva ngati wina wamusanjika thumba la chimanga pachifuwa. Salozapo ndi chala chimodzi ayi, amagwirapo ndi dzanja lonse. Ululuwo umatha kutsikira kumkono, makamaka wakumanzere, kapena kukwera kukhosi, kunsagwada ndi kumsana. Thukuta lozizira limatuluka ngakhale kunja kusakutentha, amachita nseru, chizungulire, mwinanso kukomoka. Samalaninso mtima ukamagunda modumphadumpha, miyendo ikayamba kutupa, kapena munthu akamabanika akagona chagada mpaka kufuna mapilo angapo.

Amayi, okalamba ndi odwala shuga ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ena mwa iwo samva ululu woopsa. Agogo amangoti chilungulira chawavuta, kapena atopa zosadziwika bwino, akuchita befu pongopita kubafa. Wodwala wotere musamudikirire kuti kuche.

Pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena masana. Asayende wapansi, asapalase njinga, asayendetse yekha galimoto, pezani womunyamula. Avale masiki, mutenge buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse amene amamwa. Mukafika nenani zonse ziwiri: kuti ali ndi COVID-19, ndiponso kuti pachifuwa pakupweteka kuyambira nthawi yakuti. Achipatala amayeza mtima ndi makina a ECG, ndipo komwe kuli zipangizo amayezanso troponin m'magazi, chinthu chimene chimachuluka mtima ukavulala. Akakutumizani kuchipatala chachikulu, musakhotere kunyumba.

Amene muli ndi BP, shuga kapena matenda a mtima akale, chonde musasiye mankhwala anu chifukwa choti mwagwidwa ndi COVID-19, pokhapokha adokotala atanena. Inu, pamodzi ndi osuta fodya ndi onenepa kwambiri, muli pachiopsezo chachikulu, ndipo katemera amachepetsa mwayi wodwala modetsa nkhawa.

Kuchira sikutanthauza kuti zatheratu. Kafukufuku wa mu 2022 wa anthu oposa 150,000 amene kale anali asilikali ku America anapeza kuti mavuto a mtima amatha kubwera ngakhale patapita miyezi yambiri, mpaka chaka, munthu atachira. Choncho khasu, mpira ndi katundu wolemera muziyambe pang'onopang'ono. Ngati achipatala anakuuzani kuti mnofu wa mtima unatupa, ntchito zolemetsa zimayamba zaima kwa miyezi 3 mpaka 6, ndipo musanayambirenso mukayezetse kaye.