Ku Nyamithuthu: mabala omwe sankalembedwa pa khadi la ufa

Amene anakulira ku Nsanje saiwala chaka cha 1986. Nkhondo ya Renamo ndi boma la Frelimo itafika povuta ku Mutarara ndi ku Morrumbala m'dziko la Mozambique, anthu anakhamukira kuno, ena wapansi kudzera ku Marka, ena pa bwato usiku kuwoloka Shire. Pofika 1992 Malawi ankasunga anthu a ku Mozambique oposa 1 miliyoni, ndipo ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Mankhokwe, Tengani, Nyamithuthu ndi Kunyinda ku Chikwawa anasanduka mayina a misasa.

Thandizo linabwera, koma linali la thupi. A mabungwe othandiza anthu a UNHCR, WFP ndi Red Cross ankalemba mayina ndi kugawa ufa, nyemba ndi mafuta. Madokotala a Médecins Sans Frontières ankalimbana ndi kolera, yomwe inavuta ku Mankhokwe mu 1988 ndi ku Nyamithuthu mu 1990. Sindikuwanena, munthu wotsegula m'mimba sadikira. Mtedza utasowa pa chakudya chogawa, mu 1989 ndi 1990 kunabuka pelagra, matenda osupula khungu omwe amasokonezanso mutu. Ndiye munthu akayamba kulankhula yekha, ndani akanasiyanitsa ngati ndi kuperewera kwa zakudya kapena ndi zomwe maso ake anaona kwawo?

Nthawi imeneyo matenda a mutu tinkawadziwa ndi dzina limodzi, misala, ndipo chipatala chake chinali kutali ku Zomba. Amene sanafike pong'amba zovala sankawerengedwa wodwala. Ankangoti “akuganiza kwambiri”, kapena “mtima wake sunakhale pansi”.

Agogo anga anasunga mayi wina wa ku Morrumbala yemwe anafika ndi mwana mmodzi, atatu atatsala m'njira. Tsiku lina mphepo inagwetsa lata pakhomo. Mayi uja anataya mphika, n'kukalowa pansi pa nkhokwe, thukuta lili kamukamu. Ife ana tinaseka, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi. Agogo sanamufunse kanthu. Anangotenga minsi iwiri n'kuti, “Mayi, tulukani, mapirawa ndekha sindiwatha.” Nkhani ya ana atatu aja inatuluka pamtondo pomwepo, pang'onopang'ono, patapita miyezi.

Chomwe chinapulumutsa ambiri n'choti malire a Malawi ndi Mozambique analembedwa ndi azungu, koma Chisena ndi Chimang'anja zimayankhulidwa mbali zonse. Wothawa ankatha kulira m'chiyankhulo chake ndipo womumvera ankamva. Anyakwawa ankapereka malo kumanda. Mipingo inkatonthoza. Ovutika kwambiri anali amene anathawa osaika maliro a abale awo, chifukwa akufawo ankawabwerera kutulo. Otere ankapita kwa asing'anga kapena kuthira nsembe kuti mizimu igone. Madzulo valimba ikalira, amayi akavina utse, munthu ankapeza tulo usiku umenewo.

Si zonse zinali zokoma ayi. Asing'anga ena ankadyera anthu masuku pamutu, kulipiritsa ndi ufa womwe wa pa khadi. Amuna ambiri chisoni chawo anachimiza mu kachasu, chibakera n'kumagwera mkazi. Ndipo atsikana ndi amayi ogwiriridwa ndi asilikali analibe bwalo lililonse. Mudzi womwe unkadziwa kulira maliro, pa nkhani iyi unkangoti zii.

Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera, ndipo pofika 1995 misasa inali mabwinja. Uphungu wochita kuphunzirira unakazika mizu ku Dzaleka, msasa wa ku Dowa womwe unatsegulidwa mu 1994, kumene a Jesuit Refugee Service amaphunzitsa othawa kwawo kuti azithandiza anzawo. Kuchigwa kuno tinatsala ndi misasa ya madzi osefukira, monga ya ku Bangula nthawi ya namondwe wa Idai mu 2019.

Kumapeto kwa 2024, zipolowe za chisankho zitabuka ku Mozambique, anthu masauzande anawolokanso Shire, ndipo matenti anadzalanso pa Nyamithuthu. Ulendo uno mawu oti “thanzi la m'maganizo” anali atafala kale pa wailesi ndi m'misonkhano ya mabungwe. Koma matenti asanafike, anthuwo anagona m'masukulu ndi m'makomo mwa eni mudzi, ndipo woyamba kumva nkhani zawo anali mayi wa pakhomopo, akupatsira moto.