Musanachotse babu ya halogen n'kuika ya LED

Sabata siitha osabwera munthu kugalaja kuno atanyamula kabokosi ka mababu a LED, amvekere, "Amisiri, tandiikireni awa, usiku sindikuona." Ambiri ndi a Sienta, Vitz ndi Probox oyenda msewu wa ku Liwonde kapena wa ku Blantyre kutada. Ndisanagwire sipanala ndimayamba ndayang'ana galasi la nyaliyo. Kawirikawiri limakhala litachita chikasu ngati mano a wosuta chingambwe, ndipo galasi lotere ngakhale muike babu yodula bwanji, palibe chimene chisinthe mpaka litapalidwa.

Nyali iliyonse anaipanga kuti igwire ntchito ndi mtundu umodzi wa babu. Mu babu ya halogen ya mtundu wa H4, ija ya ma watt 60/55, muli timawaya tiwiri, ka fulu ndi ka dimu. Mbale yonyezimira ya kumbuyo, reflector, anaiumba kuti itole kuwala pamalo enieni pomwe pali kawayako n'kukuponya pa phula. LED ilibe kawaya. Ili ndi tizidutswa towala tomatidwa pa kachitsulo, ndipo tikangosuntha pang'ono kuchoka pamalo pajapo, kuwala kumamwazika. Nthambi za mitengo zimaoneka mbee, koma dzenje lili patsogolo panu mumalizindikira tayala litagweramo kale.

Choipa kwambiri n'chakuti mumathobwa m'maso anzanu ngakhale muli pa dimu. Mukathobwa dalaivala wa minibasi pa Chinamwali madzulo, wakabaza amene ali kumanzere kwake samuonanso.

Kuyera nakonso kumanamiza. Halogen imawala mofiirira, pafupifupi 3200K pa muyeso wa mtundu wa kuwala (nambala ikamakwera, kuwala kumayererako), pomwe LED zambiri zogulitsidwa zimalembedwa 6000K kapena 6500K. Maso amati zawala, koma kwerani nazo ku Ku Chawe tsiku la chifunga: kuwala kothawira m'mwamba kuja kumakubwererani kumaso ngati mwayang'ana nsalu yoyera.

Sindikunena kuti LED ndi yoipa. Yabwino imadya moto wochepa ndipo imakhalitsa, makamaka mu nyali zokhala ndi kagalasi kobulungira ka projector. Koma kumbuyo kwake kumatentha, n'chifukwa chake zambiri zili ndi kafani. Fumbi la mu Okutobala likakalowa, kafaniko kamaima, babu n'kuyamba kuzirala. Ena amadula labala yotseka kumbuyo kwa nyali kuti babu ikwane. Mvula ya kuno ikayamba, m'nyalimo mumadzaza nthunzi.

Ngati mwatsimikiza kusintha, musalipire masana. Dikirani kude, imikani galimoto pamalo osatsetsereka moyang'ana khoma, mamita ngati asanu kuchokera pakhomapo. Yatsani dimu babu yakale idakali momwemo, mulembe ndi choko pomwe kuwala kwathera. Mzerewo umakhala wowongoka, n'kukwera pang'ono chakumanzere poti kuno timayenda kumanzere. Kenako mmisiri aike LED, tizidutswa towala tiyang'ane cham'mbali, osati kumwamba ndi pansi. Mzere ukasowa kapena ukadutsa chokocho, bwezerani babuyo m'kabokosi mwake.