Bwinja lomwe lili pansi pa udzu wa Central Park

Anthu othamanga m'mawa chakumadzulo kwa Central Park, mumzinda wa New York, ambiri sadziwa kuti akuponda pabwinja. Pakiyo isanakhalepo, pakati pa msewu wa 82 ndi wa 89 panali mudzi wotchedwa Seneca Village.

Unayamba mu 1825, John ndi Elizabeth Whitehead ataduladula munda wawo n'kuyamba kugulitsa mapuloti. Andrew Williams, mnyamata wakuda wa zaka 25 yemwe ankapukuta nsapato, anagula atatu pamtengo wa madola 125. Mpingo wa AME Zion nawo unagula, ena n'kumabwera pambuyo. Apa n'kuti ukapolo usanatheretu m'chigawo cha New York, poti unatha mu 1827.

Chomwe ankalimbirana mapulotiwo si pogona pokha ayi. Lamulo la mu 1821 linkati munthu wakuda, kuti aponye voti, akhale ndi malo osachepera madola 250, chonsecho mzungu sankafunsidwa zimenezo. Ndiye kugula puloti kunali kugulanso mawu pachisankho. Pofika 1855 m'mudzimo munali anthu pafupifupi 225, ambiri akuda, ena ochokera ku Ireland ndi ku Germany. Munali matchalitchi atatu, sukulu ndi manda.

Kenaka akuluakulu a mzinda anafuna paki. Mu 1853 boma linavomereza kuti malowo atengedwe mokakamiza, ndipo pomatha 1857 anthu pafupifupi 1,600 m'dera lonse la pakiyo anali atasamutsidwa. Eni malo anapatsidwa chipepeso, ngakhale Williams ndi ena anadandaula kuti n'chochepa. Alendi anangochoka chimanjamanja. Nyuzipepala za nthawiyo zinathandiza kupeputsa nkhani, zikumati okhalamo ndi anthu ongolowerera, ogona m'zisakasa. Bodza limenelo linakhalitsa kuposa mudziwo.

Amene anafukula mbiriyi m'mapepala ndi Roy Rosenzweig ndi Elizabeth Blackmar, m'buku lawo la mu 1992. Kufukula ndi manja kunadikira mpaka 2011, pomwe Diana Wall, Nan Rothschild ndi Cynthia Copeland analoledwa kukumba kwa masabata asanu ndi atatu pamodzi ndi ophunzira a kuyunivesite. Anagwera pamaziko a miyala a nyumba ya William Godfrey Wilson, yemwe ankasamalira tchalitchi cha All Angels'. M'dothimo munatuluka ketulo yachitsulo, chiwaya chowotchera nyama, botolo la mowa, chigwiriro chafupa cha mswachi, mapale a mbale zochokera ku China, ndi kansapato ka mwana, pansi chikopa pamwamba nsalu. Kaya alembi a nyuzipepala aja akanati chiyani, koma munthu wongolowerera samanga maziko a miyala n'kumadyera m'mbale zadothi zakunja.

Kukumbako kunangokhudza kachigawo kochepa, ndipo atamaliza anakwiriranso. Mu 2019 oyang'anira pakiyo anaika zikwangwani zosonyeza pomwe panali nyumba ndi matchalitchi. Mpingo wa All Angels', womwe akuda ndi azungu ankapempheramo limodzi, unasamuka koma sunafe: lero uli pamsewu wa West 80th.