King Kong wa 1933 sanali munthu wovala chikopa cha nyani

Ambiri akamaonera filimu ya King Kong ya mu 1933 amaganiza kuti m'kati mwa chinyani chija munali munthu. Ayi ndithu. Kong anali chidole chotalika pafupifupi masentimita 45, chimene Marcel Delgado anachipanga ndi mafupa achitsulo n'kuchikuta ndi labala komanso ubweya wa kalulu. Willis O'Brien ndi anzake ku kampani ya RKO ankachisuntha pang'ono, n'kujambula chithunzi chimodzi, n'kuchisunthanso. Sekondi imodzi yokha inkafuna zithunzi 24, ndipo kuleza mtima koteroku ine kumandigometsa. Mukayang'anitsitsa, ubweya wake umagwedezeka chifukwa cha zala zomwe zinkachigwira. Ziwalo za Kong zimene anazipanga zazikulu zenizeni ndi mutu ndi chifuwa, phazi, ndi dzanja lonyamulira Fay Wray, mkazi amene ankasewera mufilimuyi.