Kaliwo wa madzi: kuchokera ku India mpaka ku Cairo

Fodya anafika ku India ndi Apwitikizi cha m'ma 1600, mfumu Akbar ili pampando. Nkhani imene imakambidwa kumeneko imati sing'anga wa kunyumba yachifumu, poopa kuti utsi uvulaza mfumu, analangiza kuti uziyamba wadutsa m'madzi. Popanga kaliwo wa madziyu, anthu wamba ankagwiritsa ntchito chigoba cha kokonati ndi bango. Ku Persia ndi ku Turkey olemera anasintha chigobacho n'kuika mtsuko wagalasi, ndipo kaliwoyu anakhazikika m'nyumba zomwera khofi, ngakhale Sultan Murad IV wa ku Turkey analetsa fodya mu 1633, osamvera n'kumaphedwa. Kuno kwathu, amayi achitonga a m'chigwa cha Zambezi ali ndi wawo wa chipanda.

Kapangidwe sikanasinthe kwenikweni. Pamwamba pamakhala kambale kadongo ka fodya, kenako mpope wotsikira mumtsuko, ndi paipi yokokera yotuluka pamwamba pa madzi. Nsonga ya mpope imire masentimita awiri kapena atatu basi. Madzi akachuluka, kukoka kumalimba ndipo amakwera m'paipi. Akachepa, utsi umafika wotentha.

Chinasintha ndi fodya. Wakale, tumbak, ankamunyika m'madzi, kumufinya, n'kuika khala pamwamba pake penipeni. Anali waukali, wa madoda. Cha m'ma 1990 ku Egypt kunafala muassel, fodya wosakaniza ndi manyuchi, glycerine ndi fungo la zipatso, ndipo ndi amene anakopa achinyamata mpaka kaliwoyu, yemwe amatchedwanso shisha, n'kufika m'mabala a ku Johannesburg ndi London. Ameneyu safuna moto wachindunji. Amamuwaza mosatsendera, magalamu 10 mpaka 20, kuphimba ndi pepala la aluminiyamu lobooledwa timabowo, makala n'kukhala pamwamba pa pepalalo cham'mbali. Fodyayo akakhudza pepalalo amapserera, utsi n'kumakanda kukhosi. Khala losapsa bwino limapweteketsa mutu.

Koma sing'anga uja anaphonya. Madzi amangoziziritsa utsi, sausefa mokwanira, ndipo kuzizirako kumachititsa munthu kukoka mozama kwa nthawi yaitali. Mu 2005 bungwe la WHO linachenjeza kuti wosuta kwa ola limodzi angakoke utsi wochuluka ngati wa ndudu 100 kapena kuposa, kuwonjezera pa mpweya wapoizoni wa carbon monoxide wa m'makala. Tanzania inaletsa shisha mu 2016, Rwanda ndi Kenya mu 2017.