Chigaza cha ku Kabwe ndi mmene chinachokera m'dziko la Zambia

Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, boma la Zambia lakhala likupempha dziko la Britain kuti libweze chigaza cha munthu wakalekale chimene chinafukulidwa ku Kabwe. Mu 2018 nkhaniyi inafika ku komiti ya UNESCO, nthambi ya United Nations, yoona za kubweza chuma cha chikhalidwe, ndipo nthumwi za Britain zinavomera kukambirana, koma chigazacho chikadali ku Natural History Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya mumzinda wa London, pamene a ku Zambia amangoona chofanizira chake.

Gwero la mkanganowu ndi tsiku la 17 June 1921. Pa nthawiyo Kabwe inkatchedwa Broken Hill, dzina lobwereka ku tauni ya migodi ya ku Australia, ndipo dziko la Zambia, limene linkatchedwa Northern Rhodesia, linali m'manja mwa kampani ya British South Africa Company. Anthu okumba mtovu ndi zinki anaboola phanga lodzaza mafupa a nyama, ndipo mkati mwake anapeza chigaza chopanda chibwano cha m'munsi, cha mphumi yophwatalala ndi mafupa a nsidze otukuka kwambiri, mano ake ambiri ali obooka. Mabuku amati anachipeza ndi Tom Zwigelaar, mzungu wa ku Switzerland, ndipo chithunzi chake atanyamula chigazacho chilipo. Komabe mboni zimavomereza kuti iye sanali yekha, chifukwa ankagwira ntchito ndi munthu wakuda amene dzina lake palibe analilemba. Aliyense wodziwa mmene ntchito inkagawidwira m'migodi ya atsamunda akhoza kulingalira yekha kuti piki yokumbira inali m'manja mwa yani.

Umboni wa tsikulo ndi wofooka, ndipo tiyenera kuuyeza mosamala. Panalibe katswiri wa zofukulafukula pamalopo. Pamene Aleš Hrdlička, katswiri wa mafupa a anthu wa ku Smithsonian Institution ku America, anafika mu 1925 kudzafunsa anthu a pamgodi, zaka zinayi zinali zitadutsa, ndipo zimene anamuuza sizinkagwirizana pa malo enieni amene chigaza chinagona ndiponso mafupa amene anali pafupi nacho. Mawu amene anasungidwa ndi a azungu. Phanga lenilenilo linaphwasulidwa pamene kukumba kunkapitirira, kotero kuti dothi limene likanathandiza kudziwa zaka za chigazacho linapita pamodzi ndi miyala ya mtovu.

Eni mgodi anapereka chigazacho ku London mu 1921 momwemo, ndipo wasayansi Arthur Smith Woodward anachipatsa dzina lakuti Homo rhodesiensis, limene limanyamula dzina la Cecil Rhodes, mtsamunda amene anayambitsa British South Africa Company. Apa ndi pamene mbali ziwirizi zimasemphana. A ku Zambia amatchula lamulo la 1912, Bushman Relics Proclamation, limene linkaletsa kutulutsa zinthu zakale m'dzikomo popanda chilolezo, ndipo amati palibe chilolezo chimene chinaonetsedwapo. A ku Britain amayankha kuti lamulolo silinkakhudza mafupa a mtundu umenewu, kuti chigaza chinaperekedwa ngati mphatso, ndiponso kuti lamulo lawo la 1963 limaletsa nyumba yosungiramo zinthu zakaleyo kupereka katundu wake kwa ena. Lamulo lina la 2004 linatsegula khomo lobwezera mafupa a anthu, koma a anthu okhawo amene anamwalira m'zaka 1,000 zapitazo. Mfundo ya mphatsoyo ndi imene imavuta kuimeza, pakuti wopereka anali kampani yachilendo, wolandira anali wa kwawo kwa kampaniyo, ndipo eni nthaka sanafunsidwe.

Chilungamo chimafuna kuti tinenenso kuti ku London chigazacho chasungidwa bwino kwa zaka zoposa 100, ndipo kafukufuku wapita patsogolo. Mu 2020 gulu lotsogozedwa ndi Rainer Grün linalengeza kuti chili ndi zaka pafupifupi 299,000, zochepera pa zimene ambiri ankaganiza, kutanthauza kuti munthu ameneyu anakhala mu Africa pa nthawi imene mtundu wa anthu a masiku ano unkayamba kuoneka. Mu 2021 asayansi ena, motsogozedwa ndi Mirjana Roksandic, anapempha kuti dzina la rhodesiensis lisiyidwe, mwa zina chifukwa cha mbiri ya Rhodes, ngakhale kuti anzawo ambiri sanawatsatire. Koma zokambirana zonsezi zimachitikira kutali, ndipo wophunzira wa ku University of Zambia wofuna kuyeza yekha chigaza cha kwawo ayenera kupeza viza, ndalama ya ndege ndi chilolezo cha osunga. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, ndipo chimene chinatsalira anthu a m'tauniyo ndi fumbi la mtovu limene likudwalitsa ana awo mpaka lero.