Kodi anamanga mzinda wa Kilwa ndani?

Kwa zaka zambiri, mabuku a m'nthawi ya atsamunda ankaphunzitsa kuti Kilwa Kisiwani, mzinda wa pachilumba kum'mwera kwa Tanzania, unamangidwa ndi Aluya ndi Aperezi, ati munthu wakuda sakanatha kumanga nyumba zamiyala zoterozo. Maganizo amenewa adakali m'mitu mwa ambiri, ndipo amandipweteka mtima.

N'zoona kuti amalonda a ku Arabia ndi Persia ankafika, ena n'kukwatira komweko. Koma eni mzinda anali Aswahili, Asilamu olankhula chinenero chapachibale ndi Chichewa. Ibn Battuta, woyenda maulendo wotchuka wa ku Morocco, atafika mu 1331 analemba kuti anthu ambiri a kumeneko anali akuda bii. Akatswiri atakumba pansi, mapale ochuluka anali a mbiya zoumbidwa ndi anthu akomweko. Mbale za ku China ndi Persia zinali zochepa poyerekeza. Mzikiti waukulu nawo unamangidwa ndi miyala ya m'nyanja yotchedwa korali, ya m'gombe lomwelo, yomatidwa ndi laimu.

Chuma chinkachokera kumtunda. Golide wa ku Zimbabwe ankatsikira kudoko la Sofala, lomwe mafumu a Kilwa ankalilamulira. Sultan al-Hasan ibn Sulaiman, yemwe Ibn Battuta anamupeza pampando, anamanga nyumba yachifumu ya Husuni Kubwa, yokhala ndi dziwe losambiramo la mbali 8. Mzindawu unkasula ndalama zakezake zamkuwa, ndipo imodzi inapezeka ku Great Zimbabwe, mzinda wakale wamiyala wa ku Zimbabwe.

Apwitikizi motsogozedwa ndi Francisco de Almeida anaulanda n'kuufunkha mu 1505.